Ndalama za “Tithandizeni” pa Foni: Kodi ZRA Ili ndi Gawo Lake?

Ana anga a ku Kansenshi, ena a inu mukugwira ntchito imene ife akale sitinailoteko. Wina wakonza tsamba la pa intaneti lophunzitsirapo masamu a Grade 12 popanda malipiro. Wina ali ndi kapulogalamu ka pa foni kouza anthu mitengo ya tomato, kapenta ndi makala pa msika wa Masala. Winanso amatolera ndondomeko za kuzima kwa magetsi n’kumazifalitsa, kuti wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo adziwe nthawi yotsegula shopu, ntchito imene aliyense anaona kufunika kwake mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Zonsezi n’zaulere, ndipo ndimakunyadirani nazo. Koma m’munsi mwa tsambalo mumalemba kamzere kaulemu: amene wathandizika ndipo akufuna kuti ntchitoyi ipitirire atumize kangachepe pa nambala iyi ya Airtel Money kapena ya MTN. Anthu amatumizadi, uyu K10, uyu K50, wa ku Johannesburg kapena ku Leeds mwina yochulukirapo.

Funso limene mumalizemba ndi lakuti, kodi pa ndalama imeneyo boma lili ndi gawo lake? Ndikakufunsani mumayankha musanaganize n’komwe: “Agogo, imeneyo ndi mphatso. Palibe amene ndamulipiritsa, palibe amene ndamukakamiza.” Ine ndinakalambira pa mabuku a ndalama, ndipo ndikuuzani mosapita m’mbali kuti nthawi zambiri ndalama yotereyi imawerengedwa ngati phindu la ntchito yanu, ndipo phindu la ntchito limakhomedwa msonkho. Kwa ambiri a inu msonkhowo ndi wochepa, wochepa kuposa mantha amene muli nawo. Umakula ukabisidwa.

Ndiyambe ndi pamene mukulondola. M’Zambia mulibe msonkho wa mphatso. Amalume anu a ku Chipata akakutumizirani K500 yoti mugulire nsapato, bungwe lotolera msonkho la ZRA lilibe nayo kanthu. Chipepeso cha pamaliro, ndalama imene abale asonkherana kuti wodwala akaonane ndi dokotala ku Ndola Teaching Hospital, zimene azakhali akupatsani pa tsiku la ukwati wanu, zonsezi zimabwera chifukwa cha chibale, chisoni kapena chikondi. Mukanakhala lova zikanabwerabe.

Tsono tengani K50 ya munthu wa ku Kitwe amene simunaonanepo naye, wosadziwa ngakhale kwanu. Watumiza chifukwa mwana wake wayamba kumvetsa masamu pa tsamba lanu. Tsambalo likanapanda kukhalapo, ndalamayo sikanakupezani. Lamulo la msonkho wa zimene munthu amapeza, Income Tax Act, lomwe ndi Chapter 323 m’malamulo a dziko lino, limakhoma msonkho pa phindu la bizinesi yochitikira m’Zambia, ndipo bizinesi limaiona motambalala zedi: malonda, ntchito ya ukatswiri, ntchito imene munthu waisandutsa yake ya masiku onse, ngakhalenso kamalonda kochitika kamodzi kokha. Kusalemba invoisi sikukutulutsani mu mpanda umenewu. Chimene wamsonkho amafuna kudziwa n’chakuti ndalamayo yabwera chifukwa chiyani.

Mukudziwa zimene zimachitika paukwati oimba akaigwira bwino nyimbo. Anthu amadzuka n’kukafupa, wina K5, wina K20, popanda wowakoka dzanja. Kwa woponyayo ndi kukoma mtima basi. Koma kwa woimba amene Loweruka lililonse ali paukwati wina, n’kumalipira lendi ndi ndalama zofupidwazo, amenewo ndi malipiro a ntchito yake, akane asakane. Wamsonkho amaima kumbali ya wolandira, osati ya woponya.

Mkanganowu ndi wakale kuposa intaneti. Paja malamulo athu ambiri anachokera ku England, ndipo makhoti a kuno amaunikabe zigamulo zakale za kumeneko akamafuna kumasulira lamulo lathu. Mlandu wina wotchuka, wa Blakiston ndi Cooper, wolembedwa m’mabuku a malamulo a 1909, unali wa m’busa wa mpingo wa Anglican ku East Grinstead. Akhristu ankapereka mwa kufuna kwawo pa Pasaka chaka ndi chaka, atsogoleri a mpingo atawalimbikitsa, ndipo zoperekazo zinkapita kwa m’busayo. Iye anati ndi mphatso. Bwalo lalikulu la nthawiyo, House of Lords, linati ayi: anthu ankamupatsa chifukwa cha udindo wake wa ubusa, choncho ndalamayo inali yoyenera msonkho, ngakhale kuti palibe Mkhristu amene akanatengeredwa kukhoti chifukwa chosapereka. Mu 1947, pa mlandu wa Calvert ndi Wainwright, woyendetsa takisi anauzidwa zomwezo pa kandalama kapamwamba kamene okwera ankamuwonjezera pa mtengo wa ulendo. Okwerawo sankakakamizidwa, koma ankapereka chifukwa cha ntchito imene wawagwirira.

Palinso mlandu umene unapita kwina, ndipo ndi bwino muudziwe kuti muone pamene pali malire. James Seymour anasewera kiriketi mu timu ya Kent kwa zaka zambiri. Chakumapeto kwa kusewera kwake, timuyo inakonza masewero apadera ndipo ndalama za pakhomo zinapita kwa iye. Mu 1927 House of Lords inagamula kuti imeneyo inalidi mphatso: inaperekedwa kamodzi, mgwirizano wake wa ntchito sunkamulonjeza zimenezo, ndipo cholinga chinali kumulemekeza iye mwini monga munthu. Mukayerekeza nkhani ya Seymour ndi ya m’busa uja muona kusiyana kwake. Kumodzi ndalama inabwera kamodzi ngati ulemu wapadera. Kwinako inkabwera chaka ndi chaka, yoyembekezeka, yomangika pa ntchito. Nanga nambala ya foni imene yakhala pa tsamba lanu miyezi yonseyi, ikufanana ndi uti mwa awiriwa?

Popeza ndinu ana ofufuza, wina adzandibweretsera nkhani ya Tolsma. Ameneyu ankaliza limba m’misewu ya ku Netherlands, odutsa n’kumaponya makobidi m’kachitini kake. Mu 1994 khoti la mayiko a ku Ulaya linagamula kuti makobidiwo sayenera VAT, chifukwa panalibe pangano pakati pa woimba ndi odutsa: wina ankamvera osapereka, wina ankapereka osaima n’komwe. Chigamulocho n’chanzeru ndithu, koma chinkanena za VAT, msonkho wa pa kugulitsa katundu ndi ntchito. Sichinanene kuti woimbayo alibe zopeza. VAT kuno imakhudza amene malonda awo afika mazana a masauzande a makwacha pachaka, ndiye ambiri a inu muiiwale kaye. Wanu ndi msonkho wa zopeza.

Sindikunena kuti kakobidi kalikonse kogwera pa foni yanu ndi bizinesi. Mnyamata amene anakonza kapulogalamu mongosewera, sanaikepo nambala, sanapemphe aliyense, kenako munthu wina n’kumufunafuna mpaka kumupeza n’kumupatsa K200 kamodzi kokha, ine sindingamuvutitse ndi nkhani ya ZRA. Zinthu zimasintha pamene mwaika nambala poyera, mukukumbutsa anthu kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo inuyo mwayamba kuiwerengera ndalamayo pokonza za lendi ndi mabandulo. Zimasinthiratu mukayamba kubwezera opereka kanthu kena. Amene watumiza K100 mukumulowetsa m’gulu lapadera la WhatsApp, mukumupatsa mafunso owonjezera, kapena dzina la shopu yake ya ku Chifubu mukuliika pamwamba pa tsamba. Apa palibenso chokangana. Kumeneko ndi kugulitsa, ndipo kwa washopuyo mwagulitsa malo otsatsira malonda. Mawu oti “chopereka” amene mwalemba pamenepo sangakuikireni kumbuyo.

Ena mumati ndalama yochokera kunja ilibe msonkho wa kuno. Ntchitoyo mukuigwirira kuti? Ngati mukuigwirira m’chipinda chanu ku Kansenshi, gwero la ndalamayo lili ku Kansenshi, kaya wotumizayo ali ku Toronto, kaya kompyuta yosunga tsamba lanu ili ku Frankfurt.

Tsopano tinene za kuchuluka kwake, poti apa ndi pamene mitima imakhala pansi. Wabizinesi yaing’ono m’Zambia amalipira msonkho wotchedwa turnover tax, wowerengedwa pa ndalama zonse zolowa. Kwa zaka zingapo unali 4 peresenti kwa amene sapitirira K800,000 pachaka. Bajeti ya 2025 inaukweza kufika pa 5 peresenti, n’kukwezanso malire ake kufika pa K5 miliyoni. Mu 2023 K12,000 yoyamba pachaka inachotsedwa msonkho, ndipo m’chaka chomwecho boma linalowetsa mu msonkho umenewu anthu odzigwirira okha ntchito kudzera pa intaneti, amene aboma amawatchula kuti a gig economy. Ndiye kuti boma linakuganizirani kale, musamayese kuti simukuoneka. Manambalawa amasuntha ndi bajeti, choncho nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku nyumba ya malamulo muzitchera khutu, musamangodikira kumva za mtengo wa mafuta. Msonkhowu umaperekedwa mwezi ndi mwezi, pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo zonse mutha kuchitira pa foni kapena pa kompyuta.

Tiyerekeze kuti mwezi wina mwalandira K3,000. Magawo asanu pa zana lililonse a ndalama imeneyi ndi K150, ndipo mukachotsa gawo losakhomedwa lija imatsikanso. Amene amalandira ndalama yosafika pa gawo losakhomedwalo salipira kanthu, ngakhale kuti kulembetsa ndi kupereka malipoti kumamukhudzabe. Koma pali pamene msonkhowu umaluma, ndipo sindikubisirani. Turnover tax sifunsa zimene mwawononga. Ngati pa K3,000 ija K2,800 yathera pa mabandulo, kulipira malo osungira tsamba ndi kutchajitsa laputopu kwa mnzanu wa jenereta, msonkho uwerengedwabe pa zolowa, osati pa K200 yotsalayo. Kwa munthu amene cholinga chake si phindu, izi n’zowawa, ndipo ine ndimaona kuti opanga malamulo sankaganizira anthu ngati inu pamene ankaukonza. Anaukonzera wogulitsa salaula ndi wakantemba, kuti asavutike ndi mabuku. Koma lamulo likakhala lowawa amalikonza ndi aphungu, osati mwini foni.

Inu amene muli pantchito yolembedwa, musanamizidwe ndi PAYE. Kuyambira 2024 K5,100 yoyamba ya malipiro a pamwezi sikhomedwa msonkho, ndipo yopitirira pamenepo abwana anu amadula okha n’kutumiza ku ZRA. Zimenezo zimathera pa malipiro a kuntchitoko. Zimene mumapeza usiku pa tsamba lanu abwana sazidziwa, ndipo kuziulula ndi udindo wanu. Chimodzimodzinso kamsonkho ka potumiza ndalama pa foni kamene kanayamba mu 2024: kameneko amadulidwa ndi wotumiza, ndipo ndi ka kutumizako. Sikakulipirirani inu olandira ngongole yanu.

Ilipo njira ina kwa amene mukunenetsa kuti ntchitoyi si yanu, ndi ya anthu. Taonani Wikipedia. Imawerengedwa mwaulere dziko lonse, imapempha zopereka chaka ndi chaka, koma ndalamazo sizipita m’thumba la munthu. Zimapita ku Wikimedia Foundation, bungwe losafuna phindu lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo ndi lovomerezeka ndi a msonkho a ku America. Kunonso khomo lotere lilipo. Mutha kulembetsa bungwe kwa Registrar of Societies, kapena ku PACRA ngati kampani yosagawana phindu, kenako n’kupempha kudzera ku ZRA kuti livomerezedwe ngati Public Benefit Organisation. Chilolezo chimenechi chimachokera kwa nduna ya zachuma, sichibwera chokha chifukwa choti mwalembetsa dzina. Bungwe likavomerezedwa, zopereka zimene limalandira pa ntchito yake yothandiza anthu sizikhomedwa msonkho wa zopeza, ndipo makampani opereka amatha kuchotsera zoperekazo powerengera msonkho wawo, zomwe zimawapatsa chidwi chopereka zambiri.

Koma khomo limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo achinyamata ambiri akaumva amabwerera. Ndalamayo imasiya kukhala yanu. Pamafunika malamulo a bungwe olembedwa, komiti yeniyeni yokhoza kukukanizani, akaunti ya kubanki ya bungwelo, ndi mabuku oti munthu wakunja n’kuwaunika. Mukafuna kudyapo, bungwe likulembeni ntchito, likupatseni malipiro odziwika, PAYE idulidwe ngati yafika podulidwa. Bungwe likayamba kuchita malonda pambali, phindu la malondawo limakhomedwa msonkho. Chimene ndimadana nacho ndi kuima pakati: pamaso pa opereka muli bungwe lachifundo, pamaso pa ZRA ndinu mwana wongolandira mphatso, koma madzulo ndalama yomweyo ikugula nkhuku ndi tchipisi ku Jacaranda Mall. Kugula nkhuku si tchimo ngati munauza anthu kuti zopereka zawo zimakudyetsaninso, ndipo ambiri angasangalale kudziwa kuti mphunzitsi wa ana awo sagona ndi njala. Koma ngati munalemba kuti ndalama yonse ndi yolipirira tsamba, ndiye mwanamiza mayi wogulitsa masamba amene anadzimana K10 yake. Mlandu umenewo kwa ine ndi waukulu kuposa wa msonkho.

Mantha anu a msonkho ndikuwamvetsa, si inu munawayamba. Makolo athu ambiri anachoka ku Fort Jameson (lero Chipata), ku Petauke ndi ku Nyasaland kubwera kumigodi kuno chifukwa chosowa ndalama ya msonkho wa atsamunda, msonkho wokhomedwa pa mutu wa munthu, kaya wapeza kanthu kaya sanapeze. Mu May 1935 boma la atsamunda litakweza msonkho wa anthu a m’matauni a migodi, ogwira ntchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope ananyanyala, ndipo ku Luanshya, kumene kunali mgodi wa Roan Antelope, apolisi anawombera anthu asanu ndi mmodzi n’kuwapha. Kuyambira kalekale wamsonkho kwathu kuno ndi munthu womuthawa. Koma wa lero amakhoma pa zimene mwapeza, ndipo mukasemphana naye muli ndi kokadandaula, ku Tax Appeals Tribunal. Ngati simukukondwa ndi mmene ndalama za msonkho zimagwiritsidwira ntchito, ndipo ine ndemwe nthawi zina sindikondwa ndikaona maenje a m’misewu yathu, nenani mokweza ngati nzika yolipira.

Komanso kuthawako masiku ano n’kovuta. Woimba wa paukwati amapinda ndalama zake m’thumba, palibe cholembedwa. Inu kakobidi kalikonse kamasiya tsiku, ola, nambala ya wotumiza ndi dzina limene simu inalembetsedwa. Kuyambira cha m’ma 2017 akaunti ya kubanki imafuna TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ndipo lamulo limapatsa mkulu wa ZRA mphamvu yoitanitsa zolembedwa za ndalama pamene akufufuza. Lero mwina palibe amene akulabadira K800 yanu ya pamwezi. Vuto limabwera ntchito ikakula. Tsiku limene kampani ya migodi kapena bungwe lakunja lidzafune kukuthandizani ndi ndalama yooneka, lidzakufunsani TPIN ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Mukadzapita kukachifuna, mafunso a zaka za m’mbuyo adzakhala akukudikirani, pamodzi ndi zilango ndi chiwongoladzanja. N’zoona kuti ZRA nthawi zina imakhululukira zilango, monga inachitira mu 2022, koma chikhululukiro chotere chimachotsa zilango ndi chiwongoladzanja basi, msonkho weniweniwo umaperekedwabe. Ndipo sichibwera pa tsiku limene inu mukuchifuna.

Choncho tengani TPIN, ndi yaulere. Gulani kope la K10, kapena tsegulani tsamba lowerengera ndalama pa kompyuta yanuyo, muzilemba zolowa ndi zotuluka tsiku lomwelo, ndipo malisiti muziwasunga kwa zaka zosachepera zisanu ndi chimodzi. Mukakayikira ngati zimene mukulandira zili m’gulu la bizinesi, lemberani ZRA kalata yofotokoza zoona zokhazokha: ntchito imene mumagwira, mmene mumapemphera, zimene opereka amalandira, ndi kumene ndalama imapita. Yankho mulifune lolembedwa. Zimene wakuuzani pakamwa munthu wa pa kauntala sizidzakuthandizani iye akadzasamutsidwa kupita ku Nakonde. Ndalama zikayamba kuchuluka, lipirani wowerengera ndalama wolembetsedwa ku ZICA kuti akuunikireni kamodzi pachaka.

Chofunika kuposa zonsezi ndi nambala. Zopereka zikhale ndi nambala yakeyake, yosiyana ndi imene amalume amatumizirapo ya nsapato. Mukaziphatikiza, tsiku lofunsidwa mudzalephera kusonyeza kuti iyi inali mphatso ya m’banja, iyi inali ya tsamba, ndipo wofufuza sadzakusiyanitsirani, adzangowerengera pamodzi. Ndiye pali chizolowezi china chimene ndikufuna chithe. Ena a inu, poti simu yanu ili ndi ngongole kapena mukuopa kuonekera, mumaika pa tsamba nambala yolembetsedwa ndi chitupa cha amayi anu, cha agogo anu, kapena cha mlongo wanu wamng’ono amene wangotenga kumene chitupa cha NRC. Ndalama zonse zolowa pamenepo zimalembedwa pa dzina la mwini chitupa. Kalata ikadzabwera idzafikira iyeyo, ndipo ndi iyeyo amene adzafunsidwe kuti anthu mazanamazana osawadziwa ankamutumiziranji ndalama mwezi ndi mwezi. Ngati nambala ili pa tsamba lanu lero si ya dzina lanu kapena la bungwe lanu, ichotseni sabata ino.